Masamu a ku Groote Schuur: mbiri ya kujambula mitsempha ya thupi lonse pa ulendo umodzi

Kujambula mitsempha ya magazi ndi makina a CT, kumene madokotala amakutcha CT angiography, ndi njira yoonera mkati mwa mitsempha ya munthu wamoyo popanda kumung'amba. Wodwala amagona chagada pa kabedi kopapatiza. Amamubaya singano yokulirapo pa mtsempha wa pa mkono, ndipo pampu imakankhira m'magazi mankhwala a ayodini okwana mamililita 4 kapena 5 pa sekondi iliyonse. Ambiri amamva kutentha kukuyenderera thupi lonse, m'kamwa mumamveka ngati anyambita chitsulo, ndipo ena amayesa kuti adzikodzera pomwe sanatero. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'chipindamo amayamba amuchenjeza munthu. Kenako mawu amamveka pa sipika kuti akoke mpweya ndi kuugwira. Kabedi kamalowa m'chimphete chachikulu chimene mkati mwake mukuzungulira chotulutsa cheza cha X-ray, ndipo lisanathe theka la mphindi, mitsempha ya m'khosi, m'chifuwa, m'mimba ndi m'chiuno yajambulidwa yonse ndi jakisoni mmodzi yemweyo.

Luso limeneli linabadwa pa kukumana kwa njira ziwiri. Ina ndi ya mankhwala oonetsa magazi pa chithunzi, ina ndi ya makina ojambula thupi m'magawo opyapyala. Njira yachiwiriyi inadzera ku Cape Town.

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray ku Würzburg mu Novembala 1895, mafupa anaoneka bwino koma mitsempha ayi, pakuti magazi amatchinga cheza mofanana ndi mnofu wowazungulira. Patangopita miyezi iwiri, ku Vienna, Eduard Haschek ndi Otto Lindenthal anathira mankhwala osakaniza ndi laimu m'mitsempha ya dzanja lopanda moyo, ndipo mitsempha inaoneka ngati mizu ya mtengo. Vuto linali kupeza mankhwala oti munthu wamoyo angawapirire. Egas Moniz wa ku Lisbon ndiye anakwanitsa kujambula mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo mu 1927, pobaya mankhwala a ayodini pa mtsempha waukulu wa m'khosi. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: kubaya singano, kulowetsa kawaya kofewa, kuchotsa singanoyo, n'kutsetsereza kachubu pa kawayako. Kuyambira pamenepo dokotala ankatha kulowera pa mtsempha wa m'mphechepeche n'kukafika pafupifupi kulikonse. Koma ntchitoyo inali yaitali. Mtsempha uliwonse unkafuna kuufikira pawokha, kuuthira mankhwala pawokha ndi kuujambula pawokha, ndipo bala la pa mtsempha linkatha kukha magazi. Chithunzi chake chinali chophwatalala, ziwalo zonse zitasanjikizana.

Chipatala cha Groote Schuur, chimene chili ku Cape Town m'munsi mwa phiri la Devil's Peak, chinatsegulidwa mu 1938. Dziko lonse limachidziwa chifukwa cha Christiaan Barnard, amene anaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa 3 Disembala 1967, ndipo alendo amakaona zipinda zimene munachitikira opaleshoniyo. Ndi ochepa amene amafunsa za mphunzitsi wa fizikisi amene anagwirapo ganyu pa chipatalachi zaka 11 m'mbuyo mwake, chikhalirecho anthu amene ajambulidwa ndi makina oyankha funso lake ndi ochuluka kutalitali kuposa amene anaikidwa mtima watsopano.

Allan MacLeod Cormack anabadwira ku Johannesburg pa 23 Febuluwale 1924. Anaphunzira pa Rondebosch Boys' High School ndi pa yunivesite ya Cape Town, kumene anatenga digiri ya fizikisi mu 1944. Atapita ku Cambridge, anabwerera mu 1950 kudzaphunzitsa pa yunivesite yake yomweyo. Mu 1955 katswiri wa fizikisi wa pa Groote Schuur anasiya ntchito. Lamulo la South Africa linkafuna kuti pakhale katswiri woyang'anira mankhwala otulutsa cheza, ndipo mu mzinda wonsewo munthu woyenera anali Cormack yekha. Choncho m'miyezi yoyamba ya 1956 ankapita ku chipatalako tsiku limodzi ndi theka pa sabata, pansi pa Dr J. Muir Grieve.

Kumeneko anaona mmene ankakonzera chithandizo cha odwala khansa. Asanaombe chotupa ndi cheza, ankawerengera mlingo wake pogwiritsa ntchito matchati amene ankatenga thupi la munthu ngati chinthu chofanana paliponse, ngati mgolo wa madzi. Koma fupa limatchinga cheza kwambiri, mapapo odzaza mpweya amachilola kudutsa, mnofu uli pakatikati. Cormack anaona kuti mlingowo sungalondole pokhapokha wina atadziwa mmene kachigawo kalikonse ka mkati mwa thupi kamatchingira cheza, ndipo adziwe zimenezo poyeza ali kunja.

Funsolo ndi la masamu, ndipo lingamveke motere. Tiyerekeze kuti pali nkhokwe zinayi, ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, ndipo munthu saloledwa kusuzumira mwa iliyonse. Akamuuza matumba a ziwiri zakutsogolo pamodzi, a ziwiri zakumbuyo, a ziwiri zakumanja ndi a ziwiri zakumanzere, amakhala asanadziwebe za nkhokwe iliyonse payokha. Akamuuzanso za ziwiri zoyang'anizana mopingasa, yankho limatuluka. Thupi la munthu ndi nkhokwe zikwi zambirimbiri, ndipo cheza chilichonse chodutsamo chimapereka chiwerengero cha mzere umodzi basi. Cormack anafuna njira yobwezera ziwerengero za mizere yonseyo kuti zikhale chithunzi cha mkati.

Mu 1957 anayesa masamu akewo ku Cape Town pa chinthu chozungulira cha aluminiyamu chokutidwa ndi thabwa, poombapo cheza cha gamma ndi kuwerenga chimene chatulukira kuseri. Zotsatira zinaonetsa kuti pakati penipeni pa chitsulocho pankatchinga cheza mosiyanako pang'ono ndi m'mbali. Atafunsa kwa amisiri amene anasula chinthucho, zinapezeka kuti pakatipo anaikapo aluminiyamu weniweni pomwe m'mbali munali wosakaniza ndi zitsulo zina. Masamu anaona chimene maso sakanaona.

Chaka chomwecho Cormack anayamba ntchito pa yunivesite ya Tufts ku America, kumene anakhala moyo wake wonse wotsala. Zimene anapeza anazifalitsa mu Journal of Applied Physics mu 1963 ndi 1964, koma madokotala sanazilabadire. Mwa ochepa amene anapempha zolembazo munali bungwe la ku Switzerland lofufuza za kugumuka kwa chipale m'mapiri, limene linkaganiza zoyeza nacho kuya kwa chipale. Patapita zaka, Cormack anamva kuti Johann Radon wa ku Austria anali atathetsa kale funso lofanana nalo mu 1917, ngati masamu chabe, osaganizako za chipatala.

Makina enieniwo anapangidwa ndi munthu wina amene sankadziwa n'komwe za ntchito ya Cormack. Godfrey Hounsfield anali injiniya wopanda digiri ya ku yunivesite pa kampani ya EMI ku England, kampani imene ambiri ankaidziwa ndi malekodi a nyimbo. Makina ake oyamba oyesera ankatenga masiku 9 kusonkhanitsa ziwerengero, kompyuta n'kutenganso maola awiri ndi theka kuti itulutse chithunzi. Dokotala amene anagwira naye ntchito, James Ambrose, anabadwira ku Pretoria ndipo udokotala anauphunzira pa yunivesite ya Cape Town. Pa 1 Okutobala 1971, pa chipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon, anajambula wodwala woyamba, mayi amene ankamuganizira chotupa cha mu ubongo, ndipo chotupacho chinaoneka. Mu 1979 Cormack ndi Hounsfield anagawana mphoto ya Nobel ya zamankhwala, onse awiri osakhala madokotala.

Makina oyambawo sakanatha kujambula mitsempha. Ankajambula mutu wokha, utalowetsedwa m'chipewa cha labala chozunguliridwa ndi madzi, ndipo ulendo umodzi unkatenga mphindi pafupifupi 5. Magazi amazungulira thupi lonse pa mphindi imodzi yokha, choncho mankhwala obayidwa ankakhala atamwazika kalekale chithunzi chisanathe. Mu 1974 Robert Ledley wa ku Georgetown anapanga makina olowa thupi lonse, ndipo liwiro linkakwera chaka ndi chaka, koma panali chopinga china chooneka chaching'ono: mawaya. Chotulutsa cheza chinkazungulira kamodzi, n'kuima, kabedi n'kusuntha pang'ono, icho n'kubwerera kuti mawaya asapotane. Thupi linkadulidwa ngati chinangwa cha makaka, kagawo kamodzi nthawi imodzi, ndipo wodwala akapuma mosiyana pakati pa magawo awiri, kanthu kena kankatha kuphonyeka.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mawaya analowedwa m'malo ndi mphete zachitsulo zopatsira magetsi mokhudzana, ndipo makina anayamba kuzungulira osaima. Mu 1989 Willi Kalender wa ku kampani ya Siemens ku Germany anaonetsa njira yoti kabedi kaziyenda pomwe makina akuzungulira, moti cheza chimakulunga thupi monga nyemba zoyanga zimakulungira phesi la chimanga. Apa ndi pamene njira ziwiri zija zinakumana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madokotala anayamba kubaya ayodini pa mkono ndi kujambula pa nthawi imene mankhwalawo adzaza mtsempha wofunikawo. Komabe mpweya umodzi unkakwanira chigawo chimodzi, khosi lokha kapena mimba yokha. Mu 1998 kunabwera makina a mizere 4 ya zolandira cheza, mu 2004 a mizere 64, ndipo mu 2007 a mizere 320, amene amaphimba masentimita 16 pa kuzungulira kumodzi. Makina amakono amazungulira katatu kapena kuposa pa sekondi.

Liwiro litapezeka, vuto linasamukira kwa mankhwala. Ayodini wobayidwa pa mkono amayenda ngati madzi otsegulidwa mu ngalande ya m'dimba: bedi loyamba limanyowa pamene lomaliza likadali louma, ndipo madzi akafika kumapeto, koyamba kuja aphwera. Amayamba kufika mbali ya kumanja ya mtima, kenako m'mitsempha ya m'mapapo, n'kubwerera ku mtima, n'kutulukira mu aorta, mtsempha waukulu umene umapinda ngati ndodo ya agogo pamwamba pa mtima n'kutsika mpaka m'mimba. Kwa munthu wamkulu amafika mu aorta pakatha masekondi 20 kapena 30, pomwe chiwindi chimaoneka bwino pakatha masekondi 60 kapena 70. Mtima wofooka umachedwetsa zonsezi. N'chifukwa chake makina amayamba ayang'anitsitsa malo amodzi mu aorta, ndipo akangoona kuti mankhwala afika, kabedi kamanyamuka. Pojambula miyendo, makina othamanga kwambiri amatha kuwapitirira mankhwala n'kujambula mitsempha isanadzaze, ndiye wojambula amawachepetsa liwiro dala.

Pofuna mitsempha ndi ziwalo zam'mimba pa ulendo umodzi, jakisoni amagawidwa pawiri: gawo loyamba limatsogola kuti likafike m'chiwindi, m'kapamba ndi mu impso, lachiwiri limatsatira kuti lidzaze mitsempha pa nthawi yojambula. Njira imodzi yotchuka yotere inatenga dzina la Camp Bastion, msasa wa asilikali a Britain wokhala ndi chipatala ku Helmand m'dziko la Afghanistan, kumene ovulala ndi mabomba sankapereka mpata wojambula kawiri. Ngakhale manja amavuta. Akakhala m'mbali mwa thupi, mafupa ake amaponya mizere yakuda pa chiwindi. Akakwezedwa pamwamba pa mutu, amaononga chithunzi cha khosi ndi ubongo. Ena amajambula mutu manja ali pansi, n'kuwakweza pojambula chifuwa ndi mimba, ena amawasanjika pa pilo pamwamba pa mimba. Mtima nawo suima. Pofuna mitsempha yake ing'onoing'ono, makina amalumikizidwa ndi mawaya a pa chifuwa kuti azijambula pa kamphindi kamene mtima wadekha, ndipo nthawi zina wodwala amapatsidwa mankhwala ochepetsa kugunda kwake.

Kuphatikiza zigawo kumachitika pa zifukwa zodziwika. Munthu wodwala sitiroko amajambulidwa kuchokera pa mpindo wa aorta mpaka pa liwombo, kuti aone pamene magazi oundana atseka ndi njira yokafikira pamenepo. Munthu wopweteka m'chifuwa mosadziwika bwino angajambulidwe kamodzi pofuna zinthu zitatu: mitsempha ya mtima yotsekeka, aorta yong'ambika ndi magazi oundana m'mapapo. Ndipo kuyambira pamene Alain Cribier anaika vavu ya mtima kudzera m'kachubu ku Rouen mu Epulo 2002, okalamba oyembekezera chithandizo chotere amayezedwa mtima, aorta yonse ndi mitsempha ya m'chiuno pamodzi, pakuti vavu yatsopanoyo imayenda msewu wonsewo.

Koma ku Cape Town chifukwa chachikulu ndi mabala. Groote Schuur ndi Tygerberg zimalandira anthu obayidwa ndi owomberedwa ochuluka kuposa zipatala zambiri za padziko, makamaka ochokera m'madera a Cape Flats. Chipolopolo sichidziwa malire a m'mabuku a madokotala. Chingalowe pamwamba pa phewa, n'kudutsa m'papo, n'kukaima m'chiwindi. Mpeni wolowa m'munsi mwa khosi ungadule mtsempha umene uli kuseri kwa fupa la pa chifuwa. Kujambula khosi lokha pamenepo n'kuyang'ana khomo mbala italowa kale kuchipinda.

Kale lamulo linali loti bala lililonse lakuya la m'khosi litsegulidwe ku fiyeta, ndipo odwala ambiri ankang'ambidwa popanda chopezeka. Madokotala a ku South Africa, a ku zipatala za Baragwanath ndi Groote Schuur, ndi ena mwa amene anaonetsa kuti wodwala amene sakukha magazi kwambiri angayezedwe mosamala, kujambulidwa ngati pali chizindikiro, ndi kumuyang'anira osamuchita opaleshoni. Mu 2008 gulu la Andrew Nicol ndi Pradeep Navsaria la pa Groote Schuur linafalitsa lipoti la anthu 203 ovulala m'khosi, ndipo ambiri mwa iwo sanafunike mpeni wa dokotala. Gulu lomweli linalembanso za nzeru ina yotsika mtengo. Bala la m'khosi likamatumphuka magazi, amalowetsamo kachubu ka Foley, komwe kaja kotulutsira mkodzo, n'kufufumitsa kabaluni kake ndi madzi kuti katsinde mtsempha. Magazi akaima, pamapezeka mpata wojambula mitsempha ndi kuona ngati opaleshoni ikufunikadi.

Pambali pa CT pali makina ena a komweko. Lodox inachokera ku makina amene kampani ya De Beers inapanga pofuna kugwira ogwira ntchito m'migodi omeza kapena kubisa dayamondi. Imajambula munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi pa masekondi 13 ndi cheza chochepa, ndipo Groote Schuur ndi kumene inayesedwa pa anthu ovulala. Chithunzi chake n'chophwatalala ngati X-ray wamba, koma chimaonetsa msanga pamene chipolopolo chaima, ndipo dokotala amadziwa zigawo zoti CT idutsemo.

Kutha kujambula zonse sikutanthauza kuti aliyense ajambulidwe zonse. Kafukufuku wa ku Germany wa anthu 4,621 ovulala kwambiri, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2009, anapeza kuti ojambulidwa thupi lonse ankapulumuka kuposa mmene ankayembekezera. Koma mu 2016 kafukufuku wa REACT-2, wa ku Netherlands ndi Switzerland, anayerekeza anthu 1,083 ogawidwa mwamaere, ena kujambulidwa thupi lonse nthawi yomweyo, ena kujambulidwa zigawo zosankhidwa, ndipo mbali zonse ziwiri omwalira m'chipatala anali 16 pa 100 alionse. Phindu linali la nthawi: ojambulidwa thupi lonse ankadziwika vuto lawo msanga. Mtengo wake ndi cheza. Munthu amalandira cheza cha mlingo wa mamilisivati pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, mu mpweya ndi kumwamba, pomwe kujambula thupi lonse kamodzi kumafika cha m'ma 20. Kwa nkhalamba zimenezi n'zazing'ono, koma kwa mnyamata wa zaka 19 amene mwina adzabweranso ndi bala lina, n'zofunika kuziwerengera. Ayodini amatuluka kudzera mu impso, choncho wa impso zofooka amayezedwa magazi kaye ngati nthawi ilipo, ndipo apa jakisoni mmodzi amaposa awiri. Ulendo umodzi umatulutsanso zithunzi zoposa 1,000 zoti munthu aziwerenge, ndipo akatswiri owerenga zithunzi ndi ochepa m'zipatala za boma kum'mwera kwa Africa konse. Makina a CT alipo pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe, koma makina popanda pampu yobayira, mankhwala a ayodini, magetsi odalirika ndi wowerenga zithunzi usiku sajambula mtsempha wa munthu aliyense. Ndipo wodwala amene magazi akutha msanga sapita ku CT ayi, amapita ku fiyeta.

Cormack anakhala nzika ya America mu 1966 ndipo anamwalira ndi khansa ku Massachusetts pa 7 Meyi 1998, chaka chimene makina a mizere 4 anatulukira. Mu Disembala 2002 boma la South Africa linamupatsa ulemu wa Order of Mapungubwe atamwalira kale, pa mwambo woyamba wa ulemuwo, pamodzi ndi Nelson Mandela.